Khobwe wa Aneba

Chaka chimene chitukuko chinatipeza pa boma la Mwanza, ine ndinkasoka zovala pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika. Ndikuti chinatipeza chifukwa ife sitinachifunefune. Chinabwera chokha pa galimoto yoyera yotseka magalasi, n'kutsika ndi mapepala akuluakulu ndi zolembera zamitundumitundu. Anthu a bungwe lina anatiitana amayi angapo m'kalasi ina, ndipo kwa masiku atatu tinaphunzitsidwa kuti njala ndi yoipa. Ambiri a ife tinali titagonapo ndi madzi okha m'mimba mwezi wa Febuluwale, komabe tinalemba ndithu m'makope kuti tisadzaiwale.

Kunena chilungamo, mfundo yawo sinali yopusa. Anthu a patauni timadya zogula. Malo amene kale ankamera maungu kuseri kwa nyumba, lero eni ake anamangapo zipinda zochititsa lendi, chifukwa pamalire pano aliyense akufuna pogona: oyendetsa malole, osintha ndalama, othandiza kudutsitsa katundu. Nyengo ya manachesi timadya zipatso mpaka mano kuyayamira, koma nachesi si ndiwo. Ndiye anati tikhale ndi dimba limodzi la gulu, tizithirira mosinthana, tizidya masamba athu, otsala tizigulitsa. Mpaka lero sindinapeze cholakwika pamenepo.

Anandisankha kukhala wapampando. Zifukwa zake zinali ziwiri: ndinafikako ku sekondale, ndipo pakamwa panga sipachita dzimbiri. Ndinakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu ndinalola msanga poopa kuti angasinthe maganizo.

Malo anatibwereka bambo a golosale ija, Msilamu wofatsa amene sankalankhula zambiri. Kuseri kwa sitolo yawo kunali kabwalo kotsikira ku mjigo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndowe za nkhumba zisafikepo, ndipo tinasunga zimenezo. Bungwe lija linatibweretsera mbewu, makeni othirira ndi chikwangwani. Chikwangwanicho chinali chachikulu kuposa bedi la anyezi. Mpanda anati ubwera m'gawo lachiwiri la polojekiti, ndipo poti mbuzi za ku Mwanza sizinapite kusukulu kuti ziwerenge chikwangwani, tinakamweta udzu tokha n'kumanga.

Anatipatsanso alangizi, bambo wachinyamata wa nsapato zosongoka, amene ankayenda ndi chingwe ndi tepi yoyezera m'thumba. Munthu ameneyu ankakhulupirira mzere kuposa mmene ena amakhulupirira Mulungu. Repu pamzere, chainizi pamzere, mpiru pamzere. Chilichonse chomera pambali pa chingwe chinali udzu, ngakhale bonongwe amene anatilera tonsefe, alangiziwo kuphatikizapo.

M'gulu lathulo munali mayi wina amene nyumba yake inayang'anana ndi yanga. Ine ndinkawatchula kuti Aneba, iwo ankanditchula kuti vizinya, monga amanenera kwawo. Anachokera kutsidya kwa Zobue nthawi ya nkhondo ali mtsikana, mwana kumsana, akuyenda usana m'mapiri. Anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, anakwatiwa konkuno, bambowo n'kumwalira. Sanali munthu wa nthano kapena malangizo. Anali wamtima wapachala, wokonda fodya wa m'mphuno, ndipo ukawabwereka sefa ankakutsatira tsiku lomwelo. Koma pophika ndiwo zamasamba panalibe wowaposa mzere wonse wa nyumba zathu.

Tsiku lina tikuchokera kothirira anandiitanira m'nyumba mwawo. Anatulutsa botolo la mankhwala a chifuwa, lodzaza theka ndi phulusa, n'kukhuthulira pachikhatho. M'phulusamo munali khobwe. Sanali ngati wa pamsika. Anali waung'ono, wofiirira, wamathothomathotho akuda, ndipo njere zina zinali zitabooledwa kale ndi anankafumbwe.

"Uyu ndi wa kumunda kwa mayi anga," anatero. "Pothawa paja ndinamumanga pansonga ya chitenje. Mphika ndinataya panjira, bulangete ndinataya, uyu ayi. Chaka chilichonse ndinkadzala kuseri uko."

Kuseri kumene ankaloza kunali kutamangidwa zipinda zitatu ndi bafa. Dzinja linali litadutsa kawiri osapeza podzala.

"Akagona chaka china m'botolomu watha, vizinya. Mukuona nokha tizilombo tayamba. Ndipatseniko pangodya paja pa dimba, pafupi ndi mpanda. Akauma ndikolola mbewu, basi, sindidzakuvutitsaninso."

Ndinayankha ngati nduna. Ndinati dzalani, Aneba, malinga ngati wapampando ndine, palibe adzakhudze ngakhale tsamba limodzi. Mawu amenewo ndinawanena nditaimirira, dzanja lili pachifuwa. Anadzala njere zonse mawa lake, osasiyako ngakhale imodzi, chifukwa zinali zochepa ndipo sankadziwa kuti zamoyo ndi ziti.

Khobwe uja anamera. Ndipo poti sanapite ku maphunziro a masiku atatu aja, sankadziwa za mzere. Anayanga mmene anafunira, anakwera mpanda, anatambalala kulowera ku bedi la mpiru. Dzuwa litayamba kuwawa, mjigo unkangotulutsa madzi pang'onopang'ono, nsabwe zinagwira repu wathu masamba n'kukhwinyata, koma pangodya paja panali biriwiri. Aneba ankatilola kuthyolako chitambe pang'ono, iwo ataima pomwepo kuyang'anira manja athu. Mwezi umenewo ana anga anadya chitambe chotendera kangapo, ndipo palibe anafunsa za repu. Alangizi ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali, ngati munthu wodutsa pamene mnzake akusamba.

Kenaka maluwa anatuluka, tinyemba tanthete n'kuyamba kulendewera. Aneba ankabwera m'mawa uliwonse ngakhale tsiku losakhala lawo lothirira. Anati pakangopita masabata atatu, ziuma.

Apa m'pamene uthenga unafika wakuti kukubwera alendo ochokera ku likulu la bungwe ku Lilongwe kudzaona dimba lathu. Sabata yomweyonso kunagwa maliro a mlamu wawo wa Aneba kudera la Thambani. Ponyamuka anaima pakhomo panga, kathumba kali m'manja.

"Mundionerere ana anga aja, vizinya," anatero akuloza kudimba.

"Pitani ndi mtima umodzi," ndinatero.

Tsono muyenera kudziwa mmene ife timalandirira alendo. Kwathu kuno mlendo saona moyo wathu, amaona zimene tamukonzera. Timasesa pabwalo mpaka dothi kutuluka magazi. Miyala ya m'mbali mwa njira, imene yakhala zaka zonse osalakwira munthu, timaipaka laimu. Timabisa mbale zong'ambika, timathamangitsa agalu, ana a mamina timawatumiza kwa azakhali awo. Mayi anga anandilera choncho, kuti udzu pakhomo ndi manyazi a mkazi. Ndiye kwa masiku atatu tinasiya ntchito zathu n'kumakonzekera. Tinaphunzira nyimbo ziwiri zoyamika bungwe potichotsa m'njala. Tinazula repu wodwala uja n'kuwokerapo wina wobwereka kudimba la munthu kumtsinje. Ine ndinasoka diresi yatsopano, chifukwa ndinauzidwa kuti ndidzalankhula m'malo mwa gulu, ndipo gulu likasangalatsa alendo, wapampando wake adzapita ku msonkhano ku Lilongwe, kokagona m'nyumba ya madzi otentha.

Masana a tsiku lomaliza alangizi anabwera kudzayendera. Anayeza mabedi, anagwedeza mutu mokhutira, kenaka anafika pangodya paja n'kuima.

"Mayi wapampando, tchire ili ndi la chiyani?"

Ndinati si tchire, ndi khobwe wa mnzathu, akufuna mbewu, patsala masabata awiri okha.

"Eya, ndamva," anatero akupukuta nsapato yake ndi tsamba. "Koma mabwana akubwera ndi kamera. Akajambula apa, mu lipoti azikati gulu la ku Mwanza silisamala dimba. Ine sindikukukakamizani ayi. Inuyo ndinu atsogoleri, mukudziwa nokha."

Ndikanakonda kulemba pano kuti anandiopseza, kapena kuti amayi anzanga anandiposa mphamvu. Koma ayi. Munthuyo anangonena zimenezo n'kupita kukaimika njinga yake yamoto pamthunzi. Ine ndinayang'ana pangodya paja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapaona ndi maso a mlendo. Ndinaona nyansi. Ndinaona mayi wa ku Lilongwe akuloza ndi chala, ine nditaima pambali ndi diresi yanga yatsopano. Ndinadziuza kuti khobwe ndi khobwe, ngakhale pamsika alipo, ndidzawagulira mbale yathunthu. Ndinawerama n'kugwira tsinde loyamba. Linalimba, mizu inali italowa pansi kwambiri, ndinachita kukoka ndi manja awiri.

Amayi ena ataona wapampando wayamba, anathandiza. Mmodzi yekha anati, "Koma eni ake akudziwa?" Ndinamuyankha kuti nkhani za gulu sizidikira maliro. Wina, wanzeru zosataya chakudya, anati masamba asawonongeke, mawa pakufunika ndiwo za alendo. Tinathothola masamba onse anthete kudzaza malichero awiri, tinawawaza madzi n'kuwafunditsa nsalu. Matsinde aja pamodzi ndi tinyemba take tinaponya kunja kwa mpanda, kumene mbuzi zinali zikudikira kale gawo lawo la chitukuko. Pangodya paja tinasalaza, tinasesa, n'kuzunguliza miyala yopaka laimu. Panakongola zedi.

M'mawa wa tsiku la alendo Aneba anatsika pa kabaza, fumbi la ku Thambani lili m'nsidze. Sanafike n'kunyumba komwe. Anadziwa kuti ali m'komiti yophika, ndiye analunjika kuseri kwa golosale kumene tinakoleza moto. Ine ndinali pomwepo ndikupereka malamulo. Mayi wina anawasunthira lichero n'kuvundukula nsalu.

Aneba anatola tsamba limodzi. Analitembenuza, analifikisa pakati pa zala, analinunkhiza. Sanayang'ane munthu. Anadzuka n'kulowa m'dimba, ndipo ife tonse tinakhala otanganidwa mwadzidzidzi, wina kukolezera moto woyaka kale, wina kutsuka mphika woyera. Anakhalitsako. Ndinawaona kudzera m'mipata ya mpanda ataima pakati pa miyala yoyera ija, kenaka akuzungulira kunja kumene kunali mbuzi, akufukula ndi phazi. Ndinkayembekeza mkuwo. Munthu wokhoza kukutukwana chifukwa cha sefa, ndinati lero boma lonse limva. Ndinali nditakonza kale mayankho.

Anabwerera, anakhala pa njerwa, anakokera lichero pafupi.

"Nsinjiro zili kuti?" anafunsa.

Anaphika. Sanalole wina kukhudza mphikawo.

Alendo anati afika mamawa, ndiye anafika dzuwa litapendeka. Ife tinali titaimba nyimbo zathu ziwiri kwa galimoto zitatu zolakwika, imodzi ya izo itanyamula mbuzi. Atafika enieniwo, anatsika anayi, mabotolo a madzi ali m'manja. Dimba limene tinalikonzera masiku atatu analiyendera kanthawi kosakwanira kuwiritsa dzira. Anajambula chikwangwani, anajambula alangizi atagwira keni, anajambula ine nditagwada pa repu wobwereka uja. Pangodya paja sanafikepo n'komwe. Ndinalankhula mawu anga bwinobwino, ndinati kale tinali mumdima, lero taona kuwala, ndipo anawomba m'manja.

Pa chakudya tinawakhazika pakhonde la golosale. Nkhuku ziwiri anatizingira bambo a golosale kuti aliyense adye momasuka. Mtsogoleri wa alendowo anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa, wooneka kuti ndi munthu wabwino ndithu. Nkhuku anangoilawa. Chitambe anapungula kawiri, kachitatu anapempha yekha.

"Koma izi ndiye ndiwo!" anatero. "Zikundikumbutsa kwa agogo anga. Mukudziwa amayi, panopa ku ofesi tasintha kaganizidwe. Repu ndi chainizi zimafuna mankhwala, zimafuna madzi, mbewu yake kugula chaka ndi chaka. Tikufuna mbewu zamakolo ngati izi, zopirira dzuwa, zoti muzisunga nokha. Imeneyo ndiye sasitenabo divelopumenti. Zimenezi mumalima m'dimba momwemu?"

"Timalimbikitsa kwambiri zimenezo, bwana," alangizi anayankha msanga, pakamwa pali mafuta a nkhuku.

Ine ndinaweramira m'mbale mwanga.

Mayi uja anafunsa amene waphika, ndipo anawaitana Aneba. Anabwera akupukuta manja pachitenje, anagwada chapatali monga mwa ulemu.

"Amayi, mwaphika bwino zedi. Khobwe wake ndi wamtundu wanji ameneyu? Masamba ake ndi ofewa mwachilendo."

"Wa kwathu, kutsidya."

"Ndiye mutisungireko mbewu. Tikufuna tidzagawire magulu ena m'boma muno, mwinanso maboma ena. Muli nayo yambiri?"

"Inalipo," anatero Aneba. "Yomaliza ndi imene mwadyayo."

Mayiyo anaseka, akuyesa nthabwala za anthu akumudzi, anzake nawo anaseka, alangizi anaseka kuposa onse. Mmodzi analemba kenakake m'kabuku. Aneba anawomba m'manja pang'ono, anadzuka n'kubwerera kumoto. Podutsa pamene ndinakhala sanandiyang'ane, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi chipande pamaso pa alendo onsewo.

Ku Lilongwe ndinapitadi. Madzi otentha analiko. Tinakhala masiku awiri tikuphunzitsidwa ubwino wosunga mbewu zamakolo m'phulusa, ndipo ine, monga mwa chizolowezi, ndinalemba zonse m'kope.

Nditabwerako ndinayamba kusaka khobwe uja. Ndinayang'ana kunja kwa mpanda kuti mwina kanyemba kamodzi kanapulumuka, koma mbuzi za kwathu sizigwira ntchito mwachinyengo. Ndinapita kumsika wa Thambani. Ndinafunsa amayi a m'midzi ya kwa Kanduku amene amabwera ndi mtedza pamutu. Ndinatuma dalaivala wina wa lole kuti andiyang'anire ku Zobue ndi kupitirira. Nthawi iliyonse ndinkabwera ndi kakhobwe m'pepala n'kukagogoda kwa Aneba. Ankakhuthulira pachikhatho, ankasuntha njere ndi chala, n'kundibwezera.

"Si ameneyu, vizinya. Uyu ndi wabwino, kaphikeni."

Ulendo wachinayi ndinalephera kudzigwira. Ndinakhala pakhomo pawo n'kuwauza zonse, kuti alangizi sanandikakamize, kuti tsinde loyamba ndinazula ndine, kuti ndinaganiza za diresi ndi za ulendo. Ndinalira ndithu, misozi yeniyeni, osati ya pamaliro a munthu wosamudziwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto akununkhiza fodya wawo.

"Ndinadziwa," anatero. "Mudzi umene mayi anga ankalima kulibenso. Ndinapitako nkhondo itatha, ndinapeza mitengo yokhayokha, ngakhale manda awo sindinawaone. Ndikathyola masamba aja ndimati ndafika kwathu. Basi, ndi zimenezo."

Sanandikalipire. Mpaka lero timapatsana moni, timabwerekana moto, sefa amanditsatirabe tsiku lomwelo. M'gulu anatulukamo mwakachetechete. Dimba lilipo, ndipo likutithandiza, sindinganame: ana athu amadya masamba chilimwe chonse. Tsopano tili ndi bedi lapadera la mbewu zamakolo, la bonongwe ndi chisoso ndi luni, zonse zodzalidwa pamzere ndi chingwe, ndi kachikwangwani kakekake. Alangizi amanyadira bedi limeneli kwambiri, amati ndi maganizo amene anabwera nawo iwo.

Mwezi wathawu tinamva kuti alendo akubweranso, ndipo akufuna kudzaona mmene timasungira mbewu zathu. Tinayambanso kusesa ndi kupaka miyala. Madzulo ake ndikupinda makina anga osokera, Aneba anafika pakhonde n'kuika kanthu pathebulo. Linali botolo lija la mankhwala a chifuwa. Anali atakhuthula phulusa lonse, atalitsuka mpaka kuwala.

"Mukawaonetse alendo anu, vizinya," anatero. "Ndalitsuka bwinobwino, simuchita nalo manyazi."

Sindinapite nalo. Lili pawindo la kuchipinda kwanga, pamene ndimaliona ndikangodzuka, ndipo mpaka lero sindinapeze choti ndiikemo.